Khadi lomaliza likakulakwirani: kuthana ndi kupsa mtima pa poker

Lachisanu lina, anthu atangolandira malipiro, tinakhala asanu ndi awiri pa tebulo m'nyumba ya mnzathu ku Kabwata, muno mu Lusaka, tikusewera poker, juga ya makadi. Ndinagawiridwa ma A awiri, makadi omwe palibe owaposa poyamba gemu. Mnyamata wina amene anabwera ndi mlamu wanga anali ndi ma 7 awiri, ndipo anakankhira pakati ma chips ake onse, tinthu tobetchera toimira ndalama. Ndinavomera mosazengereza. Pakati panaunjikana K1,200. Mwa makadi asanu omwe amatembenuzidwa pakati kuti aliyense aphatikize ndi ake, atatu oyamba sanamuthandize, lachinayi chimodzimodzi. Lomaliza linali 7, ndipo ma 7 atatu amaposa ma A awiri.

"Pepani ba mudala, ni makadi chabe," anatero mnyamatayo uku akukokera ndalamazo kwa iye.

Pa gemu imeneyo ndinaluza K600. Koma pomwe tinkabalalika cha m'ma 1 koloko usiku ndinali nditaluza K2,400, ndipo K500 mwa ndalamazo inali yobwereka kwa mlamu. Usiku umenewo ndauwerengera kambirimbiri, masamu ake sasintha. Tsoka linanditengera K600 yokha. K1,800 inayo ndinaipereka ndekha, m'maola awiri omwe ndinasewera mtima ukutentha. Khadi lomaliza palibe angaliletse kubwera, koma maola awiri otsatirawo munthu angathe kuwapulumutsa, ndipo ndi amene ndikufuna tikambirane.

Osewera poker mkhalidwe umenewu amautcha tilt. Dzinali linachokera ku makina a pinball: munthu akapsa mtima n'kuyamba kugwedeza makinawo kuti kampira kapite komwe akufuna, makinawo ankayatsa mawu oti TILT n'kuuma, kampira n'kugwera pansi. Munthu naye amauma motero. Makadi akuwaona bwinobwino, koma mutu waleka kuwerenga.

Kuzindikira kuti zayamba

Thupi limadziwa msanga mutu usanavomere. Makutu amatentha, nsagwada zimalimba, mpweya umafupika, m'manja mumachita thukuta. Kenaka kaseweredwe kamasintha. Makadi omwe mumataya osawayang'ana kawiri, monga J ndi 4, tsopano mukulowa nawo. Mukukweza kubetcha popanda chifukwa chomwe mungathe kufotokoza. Ena sakalipa konse, amangokhala duu n'kuyamba kuopa, kutaya ngakhale makadi abwino poganiza kuti awagwetsanso. Imeneyonso ndi tilt.

Chizindikiro chomwe sichinandinamizepo ndi ichi: maso akukakamira pa mulu wa ma chips a munthu mmodzi, mumtima mukuti, "ndalama zanga zili apo." Mukafika pamenepo ndiye kuti simukuseweranso makadi, mukusaka munthu.

Mphindi 20 zoyamba

Imirirani. Musayambe mwadzifunsa ngati mwakwiya, chifukwa wokwiya aliyense amayankha kuti ali bwinobwino. Lamuloli likhazikitseni muli kunyumba, mutu uli wozizira: ndikaluza gemu yaikulu, kaya ndamva chiyani, ndituluka panja. Mtima wothamanga sukhazikika pa mphindi ziwiri ayi, upatseni mphindi 20 kapena kuposerapo. Yendani pang'onopang'ono mpaka pa kantemba, gulani madzi, sambani kumaso. Pokoka mpweya werengani mpaka 4, potulutsa mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumatsitsa kugunda kwa mtima.

Pali zinthu ziwiri zomwe ambirife timathamangira, ndipo zonse zimakolezera moto. China ndi mowa. Chinacho ndi kusimba nkhaniyo mobwerezabwereza, kwa aliyense wopezeka panja, kapena pa WhatsApp: "Tamverani, ine ma A awiri, iye ma 7..." Timaganiza kuti tikutulutsa mkwiyo, koma tikuuphika kachiwiri. Mu 2002 katswiri wa za maganizo Brad Bushman anaonetsa kuti anthu okwiya omwe ankamenya thumba la nkhonya uku akuganiza za yemwe wawakwiyitsa ankatsala okwiya kwambiri kuposa omwe anangokhala chete osachita kanthu. Kumenya tebulo, kuponya makadi ndi kumenyetsa chitseko zili m'gulu lomwelo.

Musanabwerere pampando dzifunseni funso limodzi: ndikanakhala kuti ndikungofika kumene, m'thumba muli ndalama zokhazi zomwe zatsala, ndikanakhala pansi kusewera? Ngati yankho likuyamba ndi "ndingobweza kaye", pitani kunyumba. N'chifukwa chake ndalama ya thiransipoti iyenera kukhala m'thumba lina, yosakhudzidwa. Usiku kwambiri maminibasi amakhala atasiya kuyenda, ndipo munthu wopanda ya takisi amakakamira pa tebulo mpaka kucha, akubwereka.

Anzanu adzakuseka, zimenezo musakayike. "Iwe boi, uthawa manje?" Njira yosavuta ndi kulengeza pofika kuti muchoka nthawi yakuti, mwawina kapena mwaluza. Mukanena poyamba, palibe angati mwathawa.

"Koma ndinali patsogolo!"

Apa ndi pomwe pagona muzu wa mkwiyo, choncho ndikhalitsapo.

Ma A awiri akakumana ndi makadi awiri ofanana aang'ono, onse ataika zonse makadi a pakati asanatembenuzidwe, amapambana pafupifupi maulendo 80 pa 100. Mutu umamva kuti "80", mtima umamva kuti "zanga basi". Koma 80 pa 100 ikutanthauza kuti kamodzi pa kasanu mudzaluza, ndipo kamodziko sikulakwika kwa masewera, ndi masewerawo. Tsoka silinunkha, silikuuzani kuti lero ndi tsiku lake.

Tiwonjezere masamu pang'ono. Mukalowa gemu yotere katatu motsatizana, mwayi woti mupambane katatu konseko ndi pafupifupi 51 pa 100, kungoposa theka pang'ono. Kasanu motsatizana, mwayi umatsika kufika pafupifupi 33 pa 100. Ndiye kuti munthu amene wasewera molondola kasanu konse, nthawi zambiri amakhala atagwetsedwapo kamodzi. Pa mpikisano wogwetsana, kamodzi komweko kamatha kukutulutsani. Munthu amene ali ndi makadi anayi a mtundu umodzi makadi atatu a pakati atatembenuzidwa, n'kumadikira lachisanu kuti akwanitse flush (makadi asanu a mtundu umodzi), ali ndi makadi 9 omupulumutsa, ndipo amalipeza pafupifupi maulendo 35 pa 100. Kuposa kamodzi pa katatu! Komabe likabwera timagwira pakamwa ngati taona malodza.

Chinanso chopweteka n'chakuti ma A awiri amabwera kamodzi pa magemu 221. Mumawadikira usiku wonse, mwinanso masiku angapo, ndiye akabwera mumaona ngati ndi malipiro a kudekha kwanu. Akagwa, mumamva ngati wina wakuberani malipirowo.

Chomwe chinandithandiza ine ndi kusintha kawerengedwe. Pa gemu ya ku Kabwata ija, pakati panali K1,200 ndipo mwayi wanga unali 80 pa 100. Gawo langa lenileni linali K960, la mnyamata uja K240. Ndikawina ndimatenga K1,200 yonse, kuphatikizapo K240 yake, ndipo sindimudandaulira. Tsiku lomwe iye wawina, akungotolera ma K240 ake omwe ndakhala ndikumudyera. Ndinaika K600 kugula gawo la K960. Malonda amenewo anali abwino pomwe ndinkawachita, ndipo khadi lomaliza silingabwerere m'mbuyo kukawaipitsa.

Taonaninso ichi: amene amagwetsedwa kawirikawiri ndi khadi lomaliza ndi amene amalowa kawirikawiri ali patsogolo. Wosewera mwachisawawa sagwetsedwa motero, chifukwa nthawi zambiri amalowa ali kale m'mbuyo.

Mukakwiyira munthu

"Angalowe bwanji ndi makadi amenewo?" Funsoli ndi lomveka, koma tayankhani moona: mukufuna pa tebulo pakhale anthu osalakwitsa? Ndalama za poker zimachokera kwa olakwitsa. Akanakhala kuti amaluza nthawi zonse akalowa ndi makadi ofooka, akanaleka kalekale kubwera. Kuwina kwa apo ndi apo ndiko kumawabweza pampando. Mukamukalipira, mwina aphunzira kusewera bwino, mwina anyamuka ndi ndalama zija osabweranso. Zonse ziwiri zikupweteka inu.

Komanso muno mu Lusaka timasewera ndi anthu omwe tidzaonane nawo mawa: mlamu, mnzathu wa kuntchito, woyandikana naye nyumba, munthu amene tidzakhala naye pamaliro. K600 imaiwalika, koma mawu oti "chitsiru" onenedwa pamaso pa anthu amakhala zaka. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ngati pakamwa pakuyabwa, nenani kuti "mwasewera" n'kutseka. Kumalo a juga, wogawa makadi ndi munthu wa pantchito chabe, sasankha khadi. Kumuponyera makadi n'kulakwira munthu wosalakwa.

Nthawi zina mkwiyo umasanduka chikayiko: watsirika ndi mankhwala, kapena akubera pogawa. Za mankhwala, masamu ali pamwambawa akukwanira kufotokoza zomwe mwaona. Za kubera, zimachitikadi m'magemu a m'nyumba, koma nkhaniyo ikonzedwe gemu isanayambe, osati mutaluza. Gwirizanani kuti wogawa azisinthasintha, wodula makadi akhale munthu wina, makadi opindika kapena okhala ndi chizindikiro achotsedwe. Akatswiri a masamu Dave Bayer ndi Persi Diaconis anaonetsa mu 1992 kuti makadi 52 amafunika kuwalukanitsa pafupifupi kasanu ndi kawiri kuti asakanikirane bwino. Ambirife timalekera pa kawiri kapena katatu. Kunena munthu kuti wabera, mutangoluza kumene, popanda umboni, ndiko kumayambitsa ndewu.

"Ndingobweza zanga"

Mkwiyo woopsa kwambiri ndi uwu, chifukwa suoneka ngati mkwiyo. Umaoneka ngati pulani.

Akatswiri a za maganizo Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba mu 1979 za momwe anthu timasankhira zinthu pamene pali kutaya ndi kupeza. Kutaya kumatipweteka kuposa momwe kupeza kofanana nako kumatisangalatsira, pafupifupi kawiri, ndipo munthu akakhala kuti wataya kale amalolera kuchita zoopsa zomwe sakanazichita. Ndicho chifukwa chake bambo wosamala ndalama, amene amanenerera mtengo wa tomato ku Soweto Market mpaka wogulitsa kutopa, amatha kukankha K1,000 usiku ndi makadi opanda pake.

Pamwamba pake pamabwera bodza loti "tsopano ndi nthawi yanga". Makadi sakumbukira. Mu 1913 ku Monte Carlo, pa gudumu la roulette, kampira kanagwera pakuda maulendo 26 motsatizana, ndipo anthu anataya chuma chambiri pobetchera pofiira, poganiza kuti pofiira pachedwa. Kuluza magemu asanu sikuwonjezera kanthu pa mwayi wa gemu yachisanu ndi chimodzi.

Mankhwala ake ndi malire, ndipo malire amaikidwa masana. Sankhani ndalama yomwe mungaluze usiku umenewo, mwachitsanzo yolowera kawiri basi, n'kuinyamula m'manja. Vuto la masiku ano ndi foni. Kale ndalama zikatha m'thumba, usiku umathera pomwepo. Lero Airtel Money kapena MTN MoMo ili m'thumba lomwelo, mphindi imodzi ma chips abweranso. Choncho musanachoke pakhomo, ndalama zotsala zisakhale m'foni yomwe mwanyamula. Khadi la ku banki lisiyeni. Pa tebulo musabwereke, komanso musabwereketse mnzanu amene mukumuona kuti watentha, ngakhale akunyengerereni motani. Kumukana usiku umenewo ndiko kumukonda. Kaloba ndiye musamuyandikire n'komwe: chiwongoladzanja chake chimathamanga kuposa luso la wosewera aliyense.

Ndinene mosabisa chinthu chomwe ndinachedwa kuvomera. Nthawi zambiri ukulu wa mkwiyo umafanana ndi ukulu wa ntchito yomwe ndalamayo inali nayo. K200 yosangalalira ikapita, mumadandaula pang'ono n'kuiwala. K200 ya lendi, ya yunifomu ya mwana, kapena ya chilimba chomwe anzanu akudikira Loweruka ikapita, m'mimba mumatentha. Ngati gemu imodzi ikukusowetsani tulo, vuto si khadi lomaliza, mukusewera pa mtengo woposa msinkhu wanu. Osewera odziwa amalangiza kukhala ndi thumba lapadera la poker lokwana kulowera maulendo 20 kapena kuposa. Ngati yolowera ndi K500, thumbalo ndi K10,000 yomwe ilibe ntchito ina iliyonse pakhomo. Mulibe? Tsikani ku gemu ya K50, kapena sewerani ndi zitsekerero za mabotolo. Kumbukiraninso kuti kumalo a juga ndi pa intaneti eni malo amadula kachigawo pa ndalama za pakati, kotero ambiri mwa osewera amatsala oluza pakapita nthawi.

Pa foni ndi pa kompyuta

Pa tebulo lenileni mumasewera magemu pafupifupi 30 pa ola. Pa intaneti amaposa kawiri pamenepo pa tebulo limodzi, ndipo ena amatsegula matebulo angapo. Tsoka lomwe mukanaliona kamodzi pa sabata mumaliona katatu usiku umodzi, n'kuyamba kukhulupirira kuti makinawo anakonzedwa kuti akugwetseni. Magemu akachuluka, zodabwitsa nazo zimachuluka. Palibenso mnzanu wokugwirani paphewa. Tsekani pocheza ndi osewera ena, sewerani tebulo limodzi, tcherani alamu. Masamba ambiri ali ndi poika malire a ndalama zolowetsa komanso podzitsekera kwa masiku angapo. Ikani malirewo lero, mtima uli pansi. Ndipo musasewere muli pabedi, nthawi ya tulo itapitirira.

M'mawa mwake: linali tsoka, kapena ndinalakwitsa?

Gulani kabuku. Gemu yomwe yakupwetekani ilembeni mwachidule: makadi anu, malo omwe munakhala, ndalama zomwe zinali pakati, chomwe munachita. Musaiweruze usiku womwewo. M'mawa, mutagona ndi kudya, phimbani khadi lomaliza ndi chala n'kufunsa: pa zomwe ndinkadziwa panthawiyo, ndinachita bwino? Ngati inde, tsekani kabuku, palibe chokonza. Ngati ayi, mwapeza chophunzira.

Ine nditalemba usiku wa ku Kabwata, ndinapeza tsoka lenileni limodzi ndi zolakwa zanga zisanu ndi chimodzi, zonse zitachitika pambuyo pa 7 uja. Kwa milungu iwiri ndinkasimba za 7 yekhayo. Mkwiyo wambiri umene timauloza ku makadi ndi manyazi obisala, ndipo kabuku kamawavundukula mofatsa, popanda wokusekani. Lembaninso masiku omwe inu munagwetsa ena muli m'mbuyo. Amenewo mtima umawaiwala msanga.

Pakhomo

Mkazi wanu, mwamuna wanu kapena ana anu sanagawe makadi. Ngati mukufika pakhomo n'kukalipa kuti nsima yazizira, pamene chokuwawani chili ku tebulo lomwe mwachoka, imani pageti mphindi zingapo musanagogode. Mukalowa nenani zoona mwachidule: "Ndaluza, mtima sunakhazikike, tikambirana m'mawa." M'mawamo tchulani chiwerengero chenicheni. Kubisa ndiko kumabala ulendo wina wokabweza mwakachetechete.

Ngati zonsezi sizikugwira

Pali malire omwe malangizo a kupuma ndi kuyenda panja sathandizanso. Ngati mumaika malamulo n'kumawaswa sabata ndi sabata, ngati mwayamba kunama za komwe ndalama zapita, kugulitsa katundu wa m'nyumba, kubwereka uku kuti mubweze uko, kujomba kuntchito, kapena kumva kusakhazikika tsiku lomwe simunasewere, nkhani yake siilinso ya tilt. Bungwe la World Health Organization limawerengera kukodwa ndi juga m'gulu la matenda, pafupi ndi kukodwa ndi mowa, ndipo thandizo lake lilipo. Si kufooka kwa umuna, si temberero.

Poyambira ndi kuleka kaye kotheratu, osati kungochepetsa. Chotsani mapulogalamu a juga m'foni, tulukani m'gulu la WhatsApp loitanirana magemu, ndalama za mwezi zisungidwe ndi munthu amene mumamukhulupirira. Uzani munthu mmodzi zonse, ndi ziwerengero zomwe: m'bale, abusa, shehe, kapena mnzanu amene sasewera. Pitani ku kiliniki ya m'dera lanu mukapemphe kuonana ndi aphungu, kapena ku Chainama Hills Hospital pa Great East Road, komwe kuli akatswiri a za maganizo. Ngati ngongole zakufikitsani poganiza zodzichotsera moyo, musadikire kuche: dzutsani munthu wa pafupi, muuzeni mawu omwewo momwe alili, akuperekezeni kuchipatala usiku womwewo.

K500 ya mlamu ndinaibweza kumapeto kwa mwezi wotsatira. Pomupatsa ndinamupempha chinthu chimodzi: "Mlamu, tsiku lina ndikadzakupemphaninso pa tebulo, mudzandikane, ngakhale ndikalipe." Anavomera. Papita miyezi ingapo, ndipo wandikanapo kale kawiri.